Chipereganyu cha nthawi

Tambala wachiwiri atangolira ndidamva wina akuodira pakhomo. Nditatsegula ndidapeza mayi amene ndinkangomudziwa nkhope, wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wathu, atawagwira amayi anga padzanja. Amayi adali atafunda chitenje cha eni, kumapazi kulibe nsapato, mame atawanyowetsa mpaka m'mawondo.

"Pepani achemwali, agogowa ndawapeza kuseri kwa bafa la aneba athu, akuti akufuna mbuzi zawo," adatero motsitsa mawu. "Anthu anayamba kusonkhana. Ndawauza kuti ndi amayi anga aang'ono, andisiye ndiwaperekeze."

Miyendo idandizizira. Aliyense wokulira m'dziko muno akudziwa zimene zimanenedwa nkhalamba ikapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, isanavale mokwanira, ikulephera kufotokoza komwe yachokera. Mawu amakhala ali kale pamlomo: yagwa pandege ya ufiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anansi awo chifukwa mphenzi idapha mtsikana. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likudandaula za nkhanzazi kwa zaka zambiri. Zonsezi n'zofunika. Koma m'mawa umenewo chidawapulumutsa amayi anga ndi chitenje cha mayi wogulitsa tomato, ndi bodza lake lachifundo.

Nditamufunsa kuti adadziwa bwanji, adati: "Ndangoona maso awo. Apongozi anga aamuna amayang'ana chimodzimodzi. Chaka chachinayi chino ndikuwasambitsa." Tidakhala pakhonde mpaka dzuwa kutuluka, ine ndikulira, iye akundiuza kuti ndimangirire chitini cha timiyala pachitseko kuti chizindidzutsa usiku. Tinkakhala mtunda woti n'kuitanizana, tonse tikusenza katundu wofanana, osadziwana.

Amayi anga adali mayi wa Mvano kwathu ku Ntcheu, wosunga thumba la chigwirizano zaka zambiri osasowetsa ngakhale tambala. Chidayamba ngati kuiwala kwa ukalamba basi: kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kusiya mphika pamoto n'kupita kudimba. Kenaka adasochera pochokera kuchigayo, njira imene adaiyenda kuyambira ali mtsikana. Titabwera nawo kuno ku Blantyre, dokotala adawafunsa tsiku, mwezi ndi chaka, nawapatsa mawu atatu oti asunge m'mutu. Patapita mphindi zochepa onse atatu adali atathawa. Adanditchulira dzina lakuti dementia, nandifotokozera kuti ubongo ukuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ochiziratu kulibe. Mtundu wofala kwambiri umatchedwa ndi dzina la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany amene adaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya m'mutu ikawonongeka, kawirikawiri chifukwa cha BP kapena sitiroko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu opitirira 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 pa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Si matenda a azungu, si kulodzedwa, ndiponso si aliyense wokalamba amene amawadwala.

Ndidabwerera kunyumba ndi dzina la matenda, koma dzinalo silidandiuze chochita nthawi ya 2 koloko usiku, amayi akamanga katundu wawo m'chitenje n'kumati ana awo ali okha kumudzi. Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ine moto wanga wonse, wa banja, wa ana, wa ngongole, ndinkakauzimitsira kwa amayi. Tsono munthu amathawira kuti dambo lomwelo likayamba kuyaka? Miyezi isanu ndi itatu ndidabisa. Alendo akabwera ndinkati amayi agona. Kutchalitchi ndidasiya, kumaukwati ndidasiya, mpaka anzanga adatopa n'kundiitana.

Lero tilipo asanu osamalira odwala otere. Mayi wa tomato uja ndiye adatisonkhanitsa, poti wogulitsa pamsika amamva zonse. Alipo aphunzitsi opuma amene akusamalira akazi awo, bambo mmodzi yekha pakati pathu. Alipo mayi wina amene amayi ake adasokonekera atadwala sitiroko. Aliponso mtsikana wosakwatiwa amene akusamalira agogo ake omwe adamulera makolo ake atamwalira. Iyeyu amandimvetsa chisoni koposa, chifukwa anzake ali kalikiliki kufuna ntchito pamene iye akuchapa zofunda m'mawa uliwonse. Timakumana Loweruka masana pakhonde la amene odwala ake sangasiyidwe tsiku limenelo. Tilibe dzina, tilibe wapampando, tilibe buku. Pakakhala shuga timamwa tiyi.

Chinthu choyamba chachikulu ndidachiphunzira kwa aphunzitsi. Amayi ankafunsa za malemu bambo anga pafupifupi tsiku lililonse: "Kodi abambo ako sanabwerebe?" Ine ndinkayankha zoona, kuti adatisiya kalekale. Apo amayi ankagwa pansi n'kubuma maliro ngati uthenga wangofika, kwinaku akundikalipira kuti bwanji sindidawauze. Mawa lake chimodzimodzi. Aphunzitsi atamva adapukusa mutu. "Mayi, inu munalira maliro amenewo kamodzi. Iwo mukuwaliritsa tsiku ndi tsiku. Lekani."

Ndidavutika nazo mumtima, chifukwa amayi omwewo ndi amene adandiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo. Koma aphunzitsi sankandiuza kuti ndiname. Ankati ndiyankhe mtima umene ukufunsawo. Tsopano akafunsa ndimati, "Mwawasowa eti? Tandiuzeni, munakumana kuti?" Nkhope imawala. Amandiuza za mnyamata wa njinga amene ankawadikira panjira ya kuchitsime, za malume awo amene ankakana chifukwa mnyamatayo adali wobwera, za nsalu yoyamba imene adawagulira. Nkhani zimenezi sindidazimvepo ali bwinobwino. Zadzulo zimafufutika, koma za utsikana wawo zikadali zowala, ndipo nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu amaimba ndime zonse osaphonya, ngakhale tsiku limene aiwala dzina langa n'kumanditchula kuti achemwali.

Zina ndi zing'onozing'ono, koma ndi zimene zimatigonetsa tulo. Dzuwa likapendeka ambiri mwa odwala athu amatekeseka, amafuna "kupita kwawo". Kutseka chitseko n'kumakangana nawo kumangowonjezera moto. Ine ndimawanyamulira kamtolo kawo, timazungulira nyumba zingapo, pobwerera ndimati tafika, iwo n'kukhala pansi mtima uli m'malo. Manja ozolowera ntchito safuna kukhala chabe, choncho timawapatsa nyemba zoti asankhe, mtedza woti aswe, chimanga choti atonole, ngakhale zitakhala nyemba zomwe adasankha dzulo. Akaiwala pomwe adamangirira ndalama n'kuyamba kunena mdzukulu kuti waba, sitiweruza mlandu. Timati tiyeni tifunire limodzi. Mbaula, machesi, mipeni ndi mankhwala zimakhala patali. M'zovala timasokerera kansalu kolembedwa nambala ya foni. Matewera a akuluakulu ndi okwera mtengo, ndiye timaphunzitsana kuyala pulasitiki pamatiresi ndi kupinda zitenje zakale. Ndipo wodwala akasintha mwadzidzidzi, kusokonekera kwambiri kuposa masiku onse kapena kungogona, sitinena kuti ndi matenda ake omwe aja. Timathamangira kuchipatala, chifukwa nthawi zambiri amakhala malungo, chibayo kapena vuto la chikhodzodzo, zomwe zimachizika, koma iwo sangathe kunena pamene pakupweteka.

Ndalama tilibe zoti n'kuthandizana nazo kwenikweni. Chomwe tidapeza kuti tingasonkhe ndi nthawi. Amayi a kuno amadziwa chipereganyu: mwezi uno alandira uyu, mwezi wamawa winayo. Ifenso tidachita chomwecho. Sabata iliyonse mmodzi amalandira theka la tsiku, wina n'kukamukhalira pakhomo. Palibe chofotokozerana zambiri, chifukwa wobwerayo akudziwa kale kuti agogo akamutukwana si iwo, ndi matenda. Akudziwa kudyetsa phala mosathamangitsa. Sanyansidwa, sadabwa, sakanena kumsika. Tsiku langa loyamba ndidaganiza zopita kukaona anzanga, kukagula zinthu, kukakonzetsa tsitsi. Ndidakathera kunyumba kwa mng'ono wanga, ndidagona pamphasa kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko osatembenuka. Ndidali nditatha chaka ndikugona khutu limodzi lili pachitseko.

Pali Loweruka lina limene sindidzaliiwala. Mtsikana uja adakhala chete nthawi yonse, kenaka adangoti, "Dzulo ndinawamenya agogo padzanja. Anataya nsima kachitatu." Adabisa nkhope m'chitenje. Palibe adayankha msanga. Kenaka mayi wa sitiroko uja adati iye usiku wina adapemphera kuti Mulungu angowatenga amayi ake, ndipo m'mawa adalephera kuwayang'ana kumaso. Inenso ndidaulula kuti ndidawakalipirapo amayi mpaka adanjenjemera n'kundifunsa kuti, "Ndalakwanji mayi?" Sitidauzane kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo, kumenya munthu wosatha kudziteteza n'kulakwa, ndipo mtsikanayo ankadziwa. Koma tidaona kuti dzanja lidafika pamenepo chifukwa adatha masabata atatu osapuma. Aphunzitsi adati, "Mwanawe, ukamva kuti zafika pakhosi, tuluka panja, tseka chitseko, undiimbire." Sabata imeneyo tidamupatsa masiku awiri.

Mawu otere sunganene pamsonkhano wa banja. Ukangoyerekeza, mawa amveka mpaka kumudzi kuti mwana uja akuzunza mayi ake. Abale athu amatikonda, ndipo ena amayesetsa. Mchimwene wanga ali ku Joni amatumiza ndalama mwezi uliwonse ndipo ndimathokoza. Koma wokhala kutali amaona chithunzi pa WhatsApp n'kufunsa kuti bwanji amayi aonda. Wobwera kudzazonda amakhala ola limodzi, amayi n'kumupatsa moni mwaulemu ngati kale, iye n'kubwerera akunena kuti ali bwino ndithu, akungokokomeza. Ena amabwera ndi dzina la sing'anga, ena la mneneri. WHO imati pafupifupi maola 70 pa 100 alionse osamalira odwala matendawa amagwera amayi, ndipo kwathu kuno sitifunika kafukufuku kuti tidziwe amene amakhala gadiyani: mwana wamkazi, mpongozi, mdzukulu wamkazi. Ndimawalemekeza aphunzitsi chifukwa amawamanga okha duku akazi awo ndi kuwadzoza mafuta, osaona ngati achepa. Amuna ambiri akadatero.

Chimandiwawa n'chakuti Amalawi kuthandizana timakudziwa. Maliro akagwa, pasanathe ola nkhuni zafika, ufa wafika, amayi agona m'siwa, adzukulu anyamula makasu. Edzi itavuta, m'midzi ndi m'mipingo mudadzuka magulu oyendera odwala pakhomo, kuwasambitsa, kuwatungira madzi, kuwaphikira. Luso limenelo silidafe. Koma matenda oiwalaiwala amatenga zaka, alibe tsiku loti anthu asonkhane, ndipo mwini wake amawabisa poopa manyazi ndi mphekesera za ufiti. Ndikupempha amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati ndi a kumzikiti: mukamalemba mayina a odwala oti mukawayendere, lembaninso dzina la wosamalirayo. Pemphero ndi labwino, koma mukatha kupemphera mmodzi atsale, amuuze mayiyo kuti pitani mukasambe mosathamanga, ine ndilipo.

Mwana wanga adandiwerengera pa intaneti kuti ku Leiden m'dziko la Netherlands, katswiri wina dzina lake Bère Miesen adayambitsa mu 1997 malo okumanirana odwala matendawa ndi abale awo kuti azicheza momasuka, ndipo nzeruyo idafalikira m'mayiko ambiri. Ndidasangalala kumva kuti ngakhale kumene kuli zipatala zokwanira, anthu adaonabe kuti osamalira amafunika kukhala pamodzi n'kulankhula. Ife tidawonjeza chimodzi chimene kwathu kuno n'chofunika kwambiri: tidaleka kubisa. Tidapita tonse asanu kwa amfumu a dera lathu n'kuwafotokozera. Tidauza anyamata a kabaza, ogulitsa makala, alonda a usiku ndi ana a sukulu kuti agogo awa ndi awa akudwala, mukawaona okha musawathamangitse, agwireni padzanja mubwere nawo. Kawiri konse mnyamata wa kabaza wawabweretsa amayi, ndipo ndalama adakana.

Lachinayi likudzali chipereganyu chagwera aphunzitsi. Akupita kukaona chiliza cha mchimwene wawo, chimene chidamangidwa iwo kulibe chifukwa padalibe wowasiyira pakhomo. Ine ndiye ndikawakhalire. Andiuza kale kuti akazi awo sadya ngati mbale si yobiriwira ija, ndiponso kuti ikakwana 10 koloko amafuna kuitana mayina a ana a m'kalasi, poti nawonso adali mphunzitsi. Kaundula wakale ali pamwamba pa kabati. Akatchula dzina, ine ndiziyankha kuti ndilipo.