Mfumu iyambe yamasula anthu kuti alankhule

Pa misonkhano ikuluikulu imene mabungwe a chitukuko amaitanitsa masiku ano pafika njira imene eni ake amaitcha Open Space, ndipo ine ndinena poyera kuti njirayi, ingakhale ili ndi nzeru zoyamikika, idzabala zipatso zochepa pakati pathu ngati otsogolera zokambirana apitiriza kuisenza yathunthu kuchokera kutsidya kwa nyanja, osayamba afunsa za mwambo wa anthu amene awasonkhanitsa.

Anaiyambitsa ndi Harrison Owen, wansembe wa mpingo wa Episcopal ku America, amene ataona kuti pa msonkhano umene anauvutikira chaka chathunthu anthu anakondwera koposa ndi zimene anakambirana pa nthawi yomwa khofi, anaganiza zokonza msonkhano wopanda ndondomeko yolemberatu, nauyesa koyamba mu 1985. Anthu, angakhale mazana angati, amakhala mozungulira. Yense amene ali ndi nkhani yomuyaka mumtima amaimirira pakati, natchula dzina lake ndi nkhaniyo, nailemba papepala, naimata pakhoma, ndipo oikonda amamutsata kukakambirana. Lamulo lake lalikulu ndi la mapazi awiri, lakuti munthu akaona kuti pamene alipo sakuphunzira kanthu kapena kuthandiza anzake, anyamuke apite ku gulu lina. Owen mwini ananena kuti nzeru yokhala mozungulira anaiona m'midzi ya ku Liberia, kumene anagwirako ntchito.

Tsono apa ndi pamene ambiri amasokera, poyesa kuti chilichonse chokhala mozungulira ndi bwalo lathu. Pabwalo pathu mawu ali ndi njira yake: wamng'ono amayamba wawomba m'manja, mwini mlandu amamulankhulira ndi nkhoswe yake, amayi amakhala pamphasa mbali yawo, mkamwini sakweza mawu m'mudzi wa eni ngakhale adziwe zoona, ndipo mfumu, itamva nduna zake, imamanga nkhani pomaliza. Kunyamuka mkulu ali chilankhulire, kumene ku America ndi ufulu, ku Dedza kapena ku Mchinji ndi mwano wochititsa manyazi mbumba yonse. Ndipo mtengwa amene angadumphe apongozi ake kukaimirira pakati pa khamu adziwa kuti alendo adzakwera galimoto madzulo, koma iye adzatsala ndi anthu omwewo. Tisaiwalenso kuti kuyambira 1964 kufikira 1994 mawu olankhulidwa pagulu anali kutengera anthu kundende monga ya Mikuyu, ndipo okalamba amene anaona masiku amenewo anaphunzitsa ana awo kusunga pakamwa. Chifukwa chake wotsogolera amene aona anthu ali chete, nalemba mu lipoti lake kuti onse agwirizana, kapena kuti anthu akumudzi alibe maganizo, achitira abale ake umboni wonama.

Pali chinanso chowawa. Njirayi imakhulupirira kuti amene abwera ndiwo oyenera, pakuti awasonkhezera ndi mtima wawo; koma pamene mayina alembedwa ndi komiti, ndipo pamapeto pali alawansi, obwera ndi amene ali pafupi ndi wolemba mayina, pamene mayi wamasiye amene mjigo wowonongeka ukumusautsa watsala kumunda. Ndiponso kuuza anthu kuti alembe nkhani zawo papepala ndiko kutsekera kunja agogo amene sanapite kusukulu, omwe ndiwo nkhokwe ya mbiri ya malire ndi madambo.

Ena adzati, ngati zili tero, tiitaye njirayi, akulu azitiganizira monga kale, pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Awa ndiwakaniza ndithu, popeza makolo omwewo anatinso mutu umodzi susenza denga. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linafuna kuti chitukuko chiziyambira kumudzi, ndipo makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC sadzapindula kanthu ngati achinyamata ndi amayi, amene asenza ntchito yambiri, angokhala oombera m'manja. Kudziyendetsa tokha si kwachilendo kwa ife: pamaliro adzukulu, ophika ndi otunga madzi amagawana ntchito popanda wowalembera ndondomeko, ndipo magulu a banki m'khonde amasunga ndalama zawo ndi malamulo opangana okha.

Chimene ndipempha n'chakuti wotsogolera, popeza safunsa anadya phula, afike kwa mfumu kudakali masiku, akhale pansi ndi nduna, anamkungwi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, nawafotokozere zonse. Ndipo pa tsikulo mfumu yokha, ndi pakamwa pake, ilengeze kuti lero woimirira pakati kapena wochoka pagulu sanachite mwano. Amayi ndi achinyamata ayambe akumana paokha, nasankhe owalankhulira; nkhani zitchulidwe pakamwa, mlembi azilemba; wofuna kuchoka awombe m'manja, anene zikomo, napite mumtendere; ndipo zomangidwa m'magulu zibwerere pabwalo kuti mfumu izisindikize pamaso pa onse. Mabungwe amene alibe nthawi yochita izi asadzitame kuti amva anthu, ndipo mafumu amene akana kumasula anthu awo adziwe kuti mjigo, sukulu ndi mlatho zimene adzasankha okha, adzazisamalanso okha.