Galimoto yakale ya dizilo imapindula ikamanyamula katundu

Nyengo yokolola ikafika, amalonda ambiri a ku Mponela, Madisi, Malomo ndi paboma la Ntchisi amayamba kufunsa mitengo ya galimoto zakale za dizilo. Toyota Hilux ya injini ya 3L, Nissan Hardbody ndi Isuzu KB ndi zomwe zimatchulidwa kwambiri. Funso lofunika asanatulutse mpamba ndi lakuti galimotoyo izinyamula chiyani tsiku ndi tsiku.

Ubwino wake ndi wosabisika. Injini ya dizilo imakoka mwamphamvu ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono, zomwe zimafunika pa zitunda za ku Dowa ndi m'mbali mwa phiri la Ntchisi. Matumba a soya, mtedza kapena mbatatesi amakwera mtunda popanda kupsereza kilatchi. Imamwanso mafuta ochepa poyerekeza ndi ya petulo ya msinkhu womwewo. Injini zakalezi zilibe zamakompyuta zambiri, choncho makaniko wa pa Mponela amatha kuzikonza, ndipo masipeyala ake amapezeka kwa Biwi ndi ku Malangalanga mu Lilongwe.

Koma maganizo akale akuti dizilo ndi wotchipa ngosadalirikanso. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA lidaika lita ya dizilo pa K2,734 pamene ya petulo idali pa K2,530. Kuchokera apo mitengo yakweranso. Tiyerekeze wamalonda wochokera ku Mponela kupita ku Lilongwe ndi kubwerera, ulendo woposa makilomita 100. Ngati galimoto yake imamwa malita 10 pa makilomita 100, pa masiku asanu ndi limodzi afunika malita oposa 60. Achulukitse ndi mtengo wa lero, kenaka ayerekeze ndi ndalama ya minibasi. Ngati m'galimotomo mumakhala iye yekha ndi chikwama, geni yalowa pansi.

Vuto lina ndi kusowa kwa mafuta, komwe kwakhala kukuchitika kawirikawiri kuyambira 2022. Pamalo omwetsera pakauma, anthu amathamangira dizilo wa m'zigubu, yemwe nthawi zina amakhala ndi madzi, fumbi kapena parafini. Mafuta otere amaononga pampu ndi manozo, ndipo ntchito ya pampu imafuna katswiri wokhala ndi makina ake mumzinda. Galimoto ikagona kugalaja sabata imodzi, tomato amakhala ataola kale.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi m'mapiri kumaulula batire yofooka ndi mapulagi otenthetsa injini omwe adatha. Amene amafuna kulawirira kumsika wa Mgona kapena Wakawaka sangadalire kukankhidwa m'mawa uliwonse. Maulendo aafupi, oliza ndi kuzimitsa injini isanatenthe, nawonso amaifooketsa msanga. Pamwamba pa izi pali oyilo wosintha pa makilomita pafupifupi 5,000 alionse, lamba wa taimingi yemwe akaduka pa injini ya 3L amaononga mavavu, inshuwalansi ndi COF.

Wogula asathamange, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Apite ndi makaniko wake m'mamawa injini isanalizidwe. Utsi woyera wosatha kapena wabuluu, oyilo wosakanikirana ndi madzi, ndi mpweya wambiri wotuluka pothirira oyilo ndi zizindikiro zoti ndalama zambiri zikudikira kutuluka. Aiyese pa chitunda itasenza katundu, aonenso ngati nambala za injini ndi tchesisi zikugwirizana ndi za pa buku la galimoto.

Choncho dizilo yakale ndi ya wamalonda amene ali ndi katundu wodzaza popita, komanso sopo, shuga, mafuta ophikira kapena feteleza pobwerera. Mavenda atatu kapena anayi akhoza kugwirizana kuti azisonkha ya mafuta ndi kudzazitsa galimoto ya mnzawo. Amene amangofuna kukafika pa benchi yake ndi kubwerera madzulo, minibasi ndi kabaza wa njinga yamoto zimusiyira mpamba wokaodera katundu wina.

Lamulo lothandiza ndi lakuti ndalama yogulira galimoto isakhale yonse imene munthu ali nayo. Pazitsala ya pampu, matayala ndi batire, chifukwa galimoto yakale siuza mwini wake tsiku limene idzafe.