Kamera Siyenda M'munda wa Tiyi

Ndidakulira m'dera la mfumu Khwethemule m'boma la Thyolo, kumene mwana amadziwa fungo la tiyi wofota m'fakitale asanadziwe kulemba dzina lake. Mayi anga athyola tiyi kwa zaka zambiri, ndipo fizi yanga ya kusekondale idachokera m'dengu lawo. N'chifukwa chake ndikamva anthu akutamanda misonkhano ya pakanema ya pa intaneti kuti yasintha kagwiridwe ka ntchito, ndimayamba ndadzifunsa kuti yasinthira yani. Maganizo anga ndi akuti misonkhano imeneyi ndi yabwino pa nkhani za malonda, koma siyenera kulowa m'malo mwa phazi pa nkhani zokhudza moyo wa anthu ogwira ntchito.

Ndiyambe ndi kuyamikira, poti chabwino sitibisa. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje sitimwa tokha. Wambiri amapita kunja, makamaka ku South Africa ndi ku Britain, ndipo ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno pambuyo pa fodya. Maesiteti monga Satemwa, amene adayamba mu 1923, Conforzi, Nchima ndi Makandi akhala akuchita malonda ndi anthu akutali kuyambira kale. Tiyi wina amagulitsidwa pa msika wa okushoni ku Limbe, wina amapita mwachindunji kwa ogula. Kale kukambirana ndi wogula wa ku London kunkalira makalata, lamya yodula, kapena ulendo wa pandege. Skype itabwera mu 2003 zinthu zidayamba kupepuka, koma chimene chidakankhira aliyense pakanema ndi mliri wa Covid-19, umene udapezeka m'Malawi muno pa 2 Epulo 2020. Ndege zitaima, Zoom ndi Microsoft Teams zidasanduka bwalo la zokambirana. Manijala ankatha kulankhula ndi wogula wa ku Johannesburg m'mawa, masana n'kukayendera fakitale yake. Malonda akadaima, mayi anga sakadalandira kanthu pa mapeto a mwezi, choncho sindingatukwane chida chimene chidathandiza kuti moto usazime pakhomo pathu.

Komabe ngakhale pa malonda pomwepo kanema ali ndi malire ake. Mtengo wa tiyi umadalira lilime la wolawa. Iye amathira madzi otentha pa masamba, kuona mtundu wake, kununkhiza, kenako kulawa ndi kulavula. Msonkhano wa pakanema sutumiza fungo kutsidya la nyanja. Mpaka lero timapaketi ta tiyi wolawitsa timayenda ndithu kupita kwa ogula, ndipo msonkhano wa pakanema umangobwera pambuyo pake kudzamanga mfundo. Ngati ogula sakhulupirira kanema pa nkhani ya kukoma kwa tiyi, n'chifukwa chiyani angamukhulupirire pa nkhani ya moyo wa munthu amene adathyola tiyiyo?

Funso limeneli silidandibwerere m'kalasi. Mu 2021, ndikudikira zotsatira za mayeso, ndidapeza ganyu yothandiza kalaliki mu ofesi ya esiteti ina imene sinditchula dzina. Ogula akunja amafuna kuti tiyi akhale ndi chiphaso chosonyeza kuti antchito amasamalidwa bwino, ndipo mabungwe opereka ziphasozi amatumiza anthu kudzayendera minda. Nthawi ya mliri kuyendera kwambiri kudachitika pakanema. Tsiku la kuyenderako lisanafike, tidapaka laimu zimbudzi za pafupi ndi ofesi, tidadzaza bokosi la mankhwala, ndipo sikelo yatsopano idatulutsidwa m'sitolo. Woyendera adaonekera pa laputopu ali m'nyumba yake kutali. Bwana wina adatenga foni m'manja n'kumayenda nayo, kuonetsa chimbudzi choyera, mpopi wa madzi, majombo ndi malaya amvula opachikidwa pamzere. Zonse zimene adaonetsa zidalipodi, ndipo palibe adanama. Koma foniyo siidafike kukomboni ya kumunsi kumene denga linkadontha, ndipo siidafike kumunda wa kuphiri kumene amayi ankayenda mtunda wautali ndi dengu lolemera kukayezetsa masamba. Ku malo amenewo, adatero bwanayo, netiweki sigwira, ndipo apanso sadaname.

Itakwana nthawi yofunsa antchito, kudabwera anthu atatu osankhidwa ndi kapitawo. Mmodzi mwa iwo adali mnzawo wa mayi anga, mayi wolimba mtima amene pa zokambirana za kumudzi sasowa mawu. Adakhala pampando kutsogolo kwa laputopu, manja pamiyendo. Woyendera ankafunsa m'Chingerezi, kalaliki wa mu ofesi momwemo n'kumatanthauzira, bwana ataima pakhomo poti ndiye ankadziwa kukonza makinawo akavuta. Yankho la mayiwo lidali limodzi: "Zonse zili bwino, bwana." Madzulo tikutsika limodzi ndidawafunsa chifukwa chake sadanene za sikelo yakale imene onse ankaidandaula. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, mzungu uja akazima kanema wakeyo, ine nditsala ndi yani?"

Mawu amenewa ndiwo adandiphunzitsa kuti kamera ilibe miyendo. Imapita kumene woigwira wafuna, ndipo m'dera ngati lathu woigwira nthawi zambiri ndi amene ali ndi magetsi, jenereta, laputopu, bandulo ndi Chingerezi. Zinthu zisanuzi zimapezeka mu ofesi, sizipezeka kukomboni. Tidaona bwino zimenezi mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Maofesi a maesiteti adaliza majenereta ndipo misonkhano idapitirira, pamene anthu wamba ankasowa ndi potchajira foni pomwe. Mlimi wamng'ono amene amagulitsa masamba ake kufakitale, ngakhale atakhala ndi foni yamakono ya Airtel kapena TNM, ayenera kusankha pakati pa bandulo ya ola limodzi la kanema ndi ndiwo za tsikulo. Msonkhano umene khomo lake ndi lodula chotere sungatchedwe wa onse.

Wina anganene kuti ngakhale woyendera wobwera ndi thupi amapusitsidwa, poti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. N'zoona, ndipo laimu ankapakidwa kale Zoom isanabadwe. Koma mlendo wa miyendo angathe kupatuka panjira imene amukonzera. Angathe kuona mwana wa msinkhu wa sukulu atanyamula dengu chapatali, kumva fungo la ngalande, kapena kuitanira mayi pambali pansi pa mtengo wa bulugamu, kutali ndi khutu la kapitawo. Angathe kuona nkhope ya munthu amene sadasankhidwe kuti alankhule. Mlendo wa pakanema alibe mwayi umenewu, chifukwa dziko lake limathera m'mphepete mwa galasi.

Nkhani ya malipiro nayo ndi chimodzimodzi. Mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la Plantation and Agriculture Workers Union adasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito m'minda ya tiyi. Zokambirana zotere zimafuna kuti mbali zonse zikhale ndi mphamvu yofanana yolankhula. Pakanema, amene waitanitsa msonkhano ndiye amakhala ndi batani lotsekera ena pakamwa, ndipo amene netiweki yake ikuduladula amaoneka ngati alibe mfundo. Ife ophunzira zilankhulo tikudziwanso kuti munthu amatsutsa bwino m'chilankhulo chimene amalotera. Mayi wa ku Thyolo amene angagonjetse bwalo lonse m'Chichewa kapena m'Chilomwe amasanduka mwana akamudyetsa mafunso a Chingerezi kudzera m'kamwa mwa kalaliki wa bwana wake.

Sindikunena kuti tibwerere ku makalata. Ndikupempha zinthu zitatu zimene sizifuna chuma chambiri. Choyamba, kuyendera kokhudza umoyo wa antchito kuzichitika ndi phazi, ndipo kanema azingothandiza pa zikalata ndi mabuku a ndalama. Chachiwiri, ngati palibe kuchitira mwina koma kufunsa antchito pakanema, foni izigwiridwa ndi nthumwi yosankhidwa ndi antchito eni ake, m'chipinda chimene si cha bwana, ndipo wotanthauzira asakhale wolandira malipiro ku esiteti yomweyo. Apa pali ntchito ya ife amene tikuphunzira kumasulira. Chachitatu, ogula amene amapulumutsa ndalama za ndege ndi mahotela aikeko gawo lina pogulira mabungwe a antchito ndi a alimi ang'onoang'ono sola, foni ndi bandulo, kuti nawonso azitha kuitanitsa msonkhano m'malo mongoitanidwa.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'minda ya tiyi amene akumva m'mimba ndi amayi amene amalawirira m'chiperoni kukathyola masamba awiri ndi kansonga kake mpaka dengu lidzaze. Misonkhano ya pakanema yafupikitsa mtunda wa pakati pa Thyolo ndi London, koma mtunda wa pakati pa ofesi ndi komboni udakali womwe uja, ndipo umenewo ngofunika kuuyenda ndithu. Mnzawo wa mayi anga uja sadafunsidwenso za sikelo, ndipo nyengo yonse ya mvula ya chaka chimenecho adayezetsa masamba ake pa sikelo yakale yomwe ija.