Madzi Osachita Thovu Sali Chiphe

Dandaulo la amayi otunga pa mijigo ina ya ku Nkando, m'boma la Mulanje, n'lakuti sopo sachita thovu, nyemba zichedwa kupsa, ndipo m'ketulo mumatirira zoyera ngati laimu. Dandaulo ili n'loona, pakuti limadya ndalama za sopo ndi nkhuni zomwe.

Chifukwa chake nachi: madzi okhalitsa pansi pa nthaka amasungunula kashiamu ndi magineziyamu wa m'miyala, ndipo izi ndizo zimanga sopo. Madzi a m'phiri la Mulanje, monga a mtsinje wa Likhubula, atsika msanga pa matanthwe olimba, motero satenga zambiri zotere.

Koma anthu adziwe kuti madzi osachita thovu sadwalitsa. Choopsa chenicheni ndi mayi amene, poipidwa ndi mjigo, akatunga madzi akumwa mu mtsinje wa Thuchila. Madziwo achapa bwino, komatu atha kubisa tizilombo ta kolera, nthenda imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno m'zaka za 2022 ndi 2023.

Tsono aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo aunikire anthu. Nyemba aziviika usiku m'madzi amvula. Madzi ndimu kapena viniga achotsa zoyera za m'ketulo. Ochapira atha kukhala amvula kapena a kumtsinje. Koma akumwa achokere pa mjigo, asungidwe mu mtsuko wovundikira. Sopo akatha agulanso wina. Mwana akapita sabwerera.