Ndagi za Masamu Zisakhale Zongotsekera Nthaŵi

Pali chizoloŵezi china chimene timachiona kaŵirikaŵiri poyendera ophunzira athu amene akuyesera kuphunzitsa, ndipo tifuna kuchitsutsa pano. Kukatsala mphindi zisanu kuti belu lilire, mphunzitsi amaponya funso lozunguza mutu, mwana mmodzi wachangu n'kufuula yankho, anzake n'kuomba m'manja, phunziro n'kuthera pomwepo. Ndagi yotere yapita pachabe. Ife tikuti malo a ndagi ya masamu ndi pakati penipeni pa phunziro, makamaka mu Sitandade 6 mpaka 8, mmene ana ayamba kutha kuikira kumbuyo maganizo awo.

Taganizirani iyi. Nkhono ili pansi pa chitsime chakuya mamita 10. Masana imakwera mamita 3, usiku n'kutsetsereka mamita 2. Kodi idzatuluka tsiku lachingati? Ana ambiri, ngakhale akulu omwe, amati lakhumi, poona kuti tsiku lililonse nkhono ikupindula mita imodzi. Kuchotsera kwawo n'kolondola, koma yankho n'lolakwika. M'maŵa wa tsiku la 8 nkhono ili pa mamita 7; ikakwera atatu yafika pakamwa pa chitsime, ndipo za kutsetsereka zatha. Mwana amene wanena 10 si waulesi ayi. Wachita zimene ife aphunzitsi tinamuzoloŵeza: kuona manambala n'kuthamangira kuwonkhetsa kapena kuchotsera, nkhonoyo asanaione m'maganizo. Musamuuze yankho. Mtumeni akajambule chitsime pabolodi, kapena pansi ndi kamtengo, ayendetse kamwala tsiku ndi tsiku. Akafika pa tsiku la 8 adzaima yekha, ndipo zimene wazitulukira chomwecho sadzaziiŵala msanga.

Ana athu ndagi amazidziŵa kuchokera kunyumba, ndipo akamva kuti "Ndagi!" makutu amaimika. Koma pali kusiyana. Ndagi ya pamoto ukaimva kamodzi umangosunga yankho lake, pamene ya masamu imafuna funso lachiŵiri: "Wadziŵa bwanji?" Funso limeneli lifunsidwe kwa wokhoza ndi wolakwa yemwe, popanda mphunzitsi kuonetsa pankhope kuti walondola ndani.

Ena a inu mudzati silabasi ndi yaitali, ndiponso mayeso a Sitandade 8 safunsa za nkhono. N'zoona. Komatu amafunsa masamu a nkhani, ndipo mwana woloŵeza njira pamtima amagwa funso likangosintha mawu. Mphindi 15 kamodzi pa mlungu sizingaphe silabasi.

Tikulangizaninso kuti muzisankhako ndagi zopanda manambala. Ilipo yakalekale, yopezeka m'buku la mafunso limene amati analemba ndi Alcuin wa ku York cha m'ma 800: munthu afuna kuolotsa mmbulu, mbuzi ndi kabichi, koma bwato lingonyamula iye ndi chinthu chimodzi. Kwathu kuno tinganene fisi, mbuzi ndi mtolo wa chigwada. Pafunika maulendo 7, ndipo chinsinsi chake n'chakuti mbuzi iyenera kubwezedwa tsidya lino paulendo wachinayi. Apa mwana amene amavutika ndi kuchulukitsa angathe kuwaposa anzake achangu aja, ndipo kwa iyeyo tsiku lotere si laling'ono. Agaŵeni m'magulu a anayi, mwala ukhale fisi, chitsononkho chikhale mbuzi, ndipo gulu lisaloledwe kuyankha kufikira aliyense wa m'gulumo atha kufotokoza.

George Pólya, m'buku lake la 1945 lotchedwa How to Solve It, anaika kuyang'ana m'mbuyo ngati khwerero lomaliza pothetsa funso, ndipo ndi khwerero limeneli limene timakonda kulidumpha. Choncho nkhono ikatuluka musafufute bolodi. Maŵa lake kuzani chitsime chifike mamita 12, kenaka 20, anawo apeze 10 ndi 18, muwafunse chifukwa chake yankho likuchepa ndi 2 nthaŵi zonse.