Ndege ikafunya miyendo

Aliyense amene adaimapo pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu akudziwa kamphindi kaja kamene ndege imasiyana ndi nthaka. Mphuno yaloza kumwamba, matayala akadazungulirabe okha m'malere, kenaka miyendo ija imapindika mwaulemu n'kulowa m'malo mwake. Pa ndege ya Q400 miyendo yaitali ija imabisala m'mphako za kumbuyo kwa injini. Pa Boeing 737 imagona chopingasa m'mimba, ndipo matayala amaonekerabe kunsi ngati maso awiri, poti alibe zitseko zowaphimba. Ambiri timaona zimenezi ngati chizindikiro cha ndege yamakono, ndipo ndege imene imauluka miyendo ili lende timaiyesa yotsalira. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kufunya miyendo si ulemerero, ndi malonda. Ndege imagula liwiro ndi mtunda, n'kulipira ndi kulemera, ndalama ndiponso ngozi yatsopano. Malondawo amapindula pokhapokha liwiro likakhala lalikulu, ndipo lamuloli limagwira ntchito chimodzimodzi pa Airbus A380 ya matayala 22 ndi pa kandege kouluka ndi rimoti.

Gwero la nkhani yonse ndi mphepo. Wakabaza amene wamangirira matumba a makala chopingasa pa njinga amadziwa kuti tsiku la mwera ulendo umatalika, ngakhale katundu ndi yemwe uja wa dzulo. Mpweya suoneka, koma umakana kupatuka, ndipo kukana kwake sikukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi, ndipo mphamvu imene injini iyenera kutulutsa kuti igonjetse kukankhako imakwera kasanu n'katatu. Chinanso n'chakuti mphepo imadana ndi zinthu zobulungira. Chitsulo chonga paipi chimasiya mpweya wovunduka kumbuyo kwake, ndipo chimakanidwa pafupifupi kakhumi kuposa chinthu chonenepa chimodzimodzi koma chosongoka kumbuyo ngati nsomba. Tsono mwendo wa ndege ndi mulu wa zinthu zoterezi: tayala, chitsulo chochepetsa kugunda, timapaipi ta mabuleki, nthambo ndi mabawuti. Zonsezi zimagwira ntchito mphindi zowerengeka pansi, kenaka n'kukhala katundu wongokoka ndege m'mbuyo kwa maola onse a ulendo. Nkhwazi idadziwa kale zimenezi: imatambasula zikhadabo pofika pa nsomba, koma ikamauluka yopanda kanthu imazifunya.

Komabe mbiri ikusonyeza kuti nzeru imeneyi idadikira nthawi yaitali isanalandiridwe, ndipo sikuti akatswiri ankagona. Alphonse Pénaud wa ku France adajambula ndege ya miyendo yopinda m'chaka cha 1876, ndege ya injini isanaulukepo n'komwe. Mu 1920 ndege ya mpikisano ya Dayton-Wright RB-1 idauluka matayala ali m'kati. Koma ndege zambiri za zaka zimenezo zinkayenda makilomita osapitirira 200 pa ola, ndipo pa liwiro lotere phindu linali lochepa kuposa mtengo wake. Lockheed Vega imene Amelia Earhart adaolokera nayo nyanja ya Atlantic yekha mu 1932 inali ya miyendo yosapinda. Jack Northrop, mmodzi wa anthu amene ankaidziwa mphepo koposa m'nthawi yake, adasankha kuveka miyendo ya ndege yake ya Gamma zophimba zosalala zonga buluku m'malo moipinda. Katswiri wa mbiri ya uinjiniya, Walter Vincenti, adafufuza nkhaniyi mu 1994, ndipo adasonyeza kuti Northrop sadaphonye masamu: pa liwiro la masiku amenewo buluku lija linkachotsa gawo lalikulu la kukana kwa mphepo, popanda kulemera ndi kuvuta kwa makina opindira.

Chimene chidasintha zinthu si fashoni, koma liwiro ndi kampira kakang'ono. Liwiro la ndege litapitiriza kukwera, ngakhale mwendo wovala buluku udasanduka mtolo wosapiririka. Boeing Monomail ya 1930, Lockheed Orion ya 1931, Boeing 247 ya 1933 ndi Douglas DC-3 ya 1935 zonse zidapinda miyendo. Makina oyambirira anali otopetsa. Woyendetsa ndege ya nkhondo ya Grumman Wildcat ankapukusa chogwirira ndi dzanja pafupifupi ka 30 kuti matayala alowe, dzanja linalo likuwongolera ndege imene yangonyamuka kumene. Makina okankha ndi mafuta analipo, koma ankadontha chifukwa zotsekera zake zinali zachikopa. Mphete ya labala yotchedwa O-ring, imene Niels Christensen adailembetsa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndiyo idathandiza kuti mafutawo azikhala m'malo mwake. Mtengo wa kupinda udatsika pa nthawi yomwe phindu lake linkakwera, ndipo mpamene malonda aja adayamba kukoma.

Wofuna umboni wa kukula kwa phindulo aone zimene zimachitika miyendo ikakana kulowa. Pa 12 July 2000 ndege ya Airbus A310 ya kampani ya Hapag-Lloyd idanyamuka ku Chania pa chilumba cha Crete kupita ku Hanover ku Germany. Mwendo umodzi udakana kulowa bwino, ndipo oyendetsa adapitiriza ulendo matayala onse ali kunja. Mafuta anali okwanira ulendo wonse ndi otsala, koma okwanira ndege yofunya miyendo. Matanki adauma ndege isanafike n'komwe m'dziko la Germany, injini zonse ziwiri zidazima, ndipo idagwera pa udzu patangotsala mamita mazana angapo kuti ifike pa msewu wa bwalo la ndege la Vienna. Palibe adamwalira, koma phunziro lake n'lomveka. Ndege ya jeti imene imayenda makilomita oposa 800 pa ola siingafike kutali monga mwa nthawi zonse miyendo ili panja. Oyendetsa ndege amaidziwa mphamvu imeneyi kotero kuti nthawi zina amatulutsa matayala msanga dala, kuti mphepo iwathandize kuchepetsa liwiro potsika.

Wotsutsa woyamba anena kuti chinthu chopinda chimatha kukana kutambasuka, pamene mwendo wokhazikika sungaiwalike ndiponso sungakakamire. Akunena zoona, ndipo walira mvula walira matope. Pa 29 December 1972 oyendetsa ndege ya Eastern Air Lines adatanganidwa ndi kababu kosonyeza kuti mwendo wakutsogolo watsika, osazindikira kuti ndege ikutsika yokha, ndipo idagwera m'dambo la Everglades ku Florida, anthu 101 n'kufa. Mwendowo udali utatsika bwinobwino. Kababu ndiko kadapsa. Pa 22 May 2020 ndege ya Pakistan International Airlines idakhudza msewu wa bwalo la Karachi matayala ali m'mimba, mabelu ochenjeza akulira, injini zidakhulika pansi n'kuonongeka, ndipo ndegeyo idagwera pa nyumba za anthu. Zimenezi si nkhani zozipeputsa. Koma taonani kuti m'ngozi zonse ziwirizi chimene chidalephera kwenikweni ndi tcheru cha anthu. Yankho silidakhale kukhomerera miyendo panja, koma kumanga mipanda ingapo kuzungulira ngoziyo. Lero woyendetsa satera asanaone nyali zobiriwira za miyendo yonse. Belu limalira ndege ikayandikira pansi miyendo isanatuluke. Kaswitchi ka pa mwendo kamaletsa kupinda ndege ikadali pansi. Mafuta akatayika, maloko amamasulidwa mwa njira ina ndipo miyendo imagwa yokha ndi kulemera kwake. Ngakhale zonse zikanike, chiyembekezo chilipo: pa 1 November 2011 kaputeni Tadeusz Wrona adatereza Boeing 767 ya LOT ndi mimba pa bwalo la Warsaw, ndipo anthu onse 231 adatuluka amoyo.

Wotsutsa wachiwiri abwera cha kumbali ina. Iye aloza Cessna 172, ndege imene yapangidwa yambiri kuposa ina iliyonse m'mbiri, yoposa 44,000, miyendo ili panja. Aloza Cirrus SR22 imene imapitirira makilomita 300 pa ola ndi matayala ongovala zophimba, monga ankachitira Northrop. Alozanso Cessna Caravan ndi Twin Otter, akavalo a mabwalo a fumbi mu Africa muno. Kodi zimenezi sizikusonyeza kuti kupinda n'kungodzivuta? Ine ndikuti zikutsimikiza mfundo yomwe ija. Ndege yotera kangapo pa tsiku pa bwalo la miyala ndi matope, yoyenda maulendo a ola limodzi monga wa ku Likoma kapena ku Mfuwe, siikhala m'mwamba nthawi yokwanira kubweza mtengo wa makina opindira. Matope olowa m'mphako ya tayala amadya maloko, makinawo amafuna makaniko ndi zipangizo zimene kuthengo kulibe, a inshuwalansi amakweza mtengo, ndipo kilogalamu iliyonse ya makina ndi kilogalamu ya mankhwala kapena katundu wosiyidwa pansi. Kampani ya Cessna idayesapo kupanga 172 ya miyendo yopinda m'zaka za m'ma 1980. Liwiro lidakwerako pang'ono, koma mtunduwo sudakhalitse, pamene wosapinda uja akuupangabe mpaka lero. Caravan si ndege yotsalira. Ndi ndege imene oipanga adawerengera bwino ntchito yake.

Nanga tindege touluka ndi rimoti? Apa mpamene mfundoyi imayesedwa mokoma, chifukwa masamu ake ndi omwewo koma zolinga za eni ake n'zosiyana. Mwini kandege amasema mphako m'phiko la matabwa opepuka, pamalo pomwe phikolo limafunika kulimba, n'kuikamo makina ochepa ngati bokosi la machesi. Ena amayendera kamota ka magetsi kopota sikuluwu, ena mpweya wopoperedwa m'kabotolo kobisika m'mimba. Kamwendo ndi waya wachitsulo, ndipo kandege kakatera molimba pa udzu wayayo amapindika pang'ono chabe, mokwanira kuti tayala liphonye mphako yake pa ulendo wotsatira. Kandege ka jeti kothamanga makilomita 300 pa ola kamapindula ndithu, monga ndege yeniyeni. Koma kandege kophunzirira koyenda makilomita 60 pa ola kamangolemera ndi kusweka msanga. Umboni wabwino uli m'mipikisano ya kutembenuza ndege m'mwamba imene bungwe la FAI limaitcha F3A. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene opikisana ankakonda kuuluka mwaliwiro, miyendo yopinda inali paliponse. Kaulutsidwe katasintha, oweruza n'kuyamba kukonda ndege yoyenda mofatsa pa liwiro losasintha pokwera ndi potsika, opikisana ambiri adabwerera ku miyendo yosapinda, yopepuka. Adachita zomwe adachita Northrop, pa chifukwa chomwecho.

Kutsala gulu limodzi limene masamuwa salikhudza, ndipo ndiyenera kuliimira. Munthu amene watha miyezi akupanga kachifanizo ka Spitfire kapena ka DC-3 sapinda miyendo pofuna kusunga mafuta. Akufuna kuti kandege kake kakamadutsa pamaso pa anthu kaoneke monga inkaonekera ndege yeniyeniyo, ndipo Spitfire youluka matayala ali lende si Spitfire. Ena ati uku n'kutaya ndalama pa zokongoletsa. Ine ndikuti kukhulupirika ku chinthu chimene ukuchifanizira ndi cholinga chenicheni, monga mmisiri wosema amene salola kudumpha makwinya a pa nkhope. Munthuyu akudziwa chimene akugula ndi chimene akulipira, ndipo m'mipikisano ya zifanizo oweruza amapereka mapointi pa zimenezi. Amene walakwa ndi uja woika makina opindira pa kandege kake koyamba chifukwa choti waona anzake, n'kumadabwa kuti sabata iliyonse akuwongola waya m'malo mouluka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Choncho funso loyenera silakuti ndi ndege iti yamakono pakati pa yofunya miyendo ndi yosafunya. Funso ndi lakuti ikuthamanga bwanji, ikupita kutali bwanji, ikatera pati, ndipo akaikonze ndani. Boeing 737 yopita ku Johannesburg ikafunya miyendo pamwamba pa Lumbadzi, ikubweza ngongole ya makina ake ndi mafuta amene ikupulumutsa pa ulendowo. Caravan ikamatsikira pa kabwalo ka fumbi matayala ali poyera, yakana ngongole imene siikadatha kubweza. Oipanga onse awiri adafunsa funso limodzi, ndipo mayankho awo adasiyana chifukwa maulendo ake ndi osiyana. Ana athu a sukulu amene amalota zodzakhala mainjiniya ayenera kuphunzira luso limeneli asanaphunzire dzina la makina alionse: kudziwa mtengo wa chinthu chilichonse chimene ukuwonjezera, ndi kulimba mtima kuchisiya pamene ntchito siikuchifuna.