Lekani Kucepetsa Klarineti

Ndinamva munthu wina akunena kuti klarineti ni cida ca bandi ya asilikali cabe, kuti mu okestra nchito yake ni kudzaza mipata pamene vayolini ikupuma. Sindinagwirizane naye, ndipo mpaka lero sindigwirizana naye.

Mvetserani Francesca da Rimini, nyimbo imene Tchaikovsky analemba mu 1876 atawerenga Dante. Nkhani yake ni ya Francesca, mkazi amene anakondana ndi Paolo, m'bale wa mwamuna wake. Mwamunayo anawapha onse awiri, ndipo Dante anawapeza ku Helo akuulutsidwa ndi cimphepo cosatha. Kwa mphindi zingapo okestra yonse imawomba ngati cimphepoco. Kenaka phokoso limazilala, ndipo pamatsala cida cimodzi cokha. Ciani? Klarineti. Imayamba motsika, mozengereza, monga munthu wamanyazi amene wafunsidwa za cikondi cimene cinamuphetsa. Tchaikovsky anali ndi mavayolini ambiri pamaso pake, ndipo anali kuwadziwa bwino. Koma mau oyamba a Francesca anawapereka ku kabango kamodzi.

Anadziwa cimene anali kucita. Klarineti imatha kuyamba mau pansipansi moti simudziwa pamene ayambira, n'kuwakweza, n'kuwazimitsanso. Oboe zimenezi zimaivuta. Munthu amene akuulula chimo lake amakamba motero.

Mu Romeo and Juliet ya Tchaikovsky yemweyo, amene amatsegula nkhani ya Shakespeare ni maklarineti ndi mabasuni, akuimba ngati kwaya ya m'chalichi. Ameneyo ni wansembe Laurence. Anthu amakumbukila nyimbo ya cikondi ija, koma mantha onse amayambira apa.

Cimene cimandikwiyitsa maningi ni Don Quixote ya Richard Strauss, ya mu 1897. Quixote ni cello, ndipo woimba cello amakhala kutsogolo, dzina lake pa cipepala, m'manja mukuwomberedwa iye. Nanga Sancho Panza? Strauss anamugawira viola, tuba yaing'ono ndi klarineti yaikulu ya mau a besi. Woimba viola nthawi zina amachulidwa. Wa klarineti amakhala kumbuyo, alibe dzina, monga Sancho pa bulu wake. Koma cotsani mau onenepa aja, muone ngati Cervantes atsalamo.

Strauss yemweyo mu 1895 anapereka kuseka kwa Till Eulenspiegel, tambwali wa m'nthano za ku Germany, ku kaklarineti kakang'ono ka mau osongoka. Oweruza akagamula kuti Till apacikidwe, ni kaklarineti kameneko kamene kamakuwa m'mwamba cingwe cikamugwira pakhosi.

Ena adzati zonsezi ni mizere yocepa m'nyimbo zazitali, ndipo vayolini ndiyo imasenza katundu. Inde, mizere ni yocepa. Ngakhale kwa Dante, Francesca amakamba m'cigawo cacisanu cokha ca Inferno, koma ndiye amene Tchaikovsky anamulembera nyimbo.